Mzere wa pa Msongolo

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndikulemba kumapeto kwa buku langa la miyezo, kumene kwatsala masamba oyera. Alibweretsa ndi akazi anga, mayi a Rahim, ati ndisamangoyang'ana kudenga. Ndine Mikaili Iddi, telala wa pakhonde ku Old Town, zaka 61. Ndayamba ndi dzina chifukwa dzulo, pondigoneka muno m'chipatala, akuti sindimadzidziwa. Ndimaitana makasitomala amene anamwalira kalekale, ndi kukalipira nesi kuti wandibera tepi.

Chandibweretsa ndi phazi lamanja, lopondera mashini. Masabata atatu apitawo ndinaponda phini, osamva n'komwe, poti shuga anandichititsa dzanzi kumapazi kalekale. Ndinathira sipiriti, kumanga kansalu, n'kubwerera pa mashini. Nyengo ino ndi ya maukwati, madiresi sadikira bala la munthu.

Lero zala ziwiri zakumapeto zada bii. Phazi latupa, likunyezimira, ndipo moto wake, kufiira kotentha kuja, wakwera kudutsa akakolo. Za fungo sindilemba. Shuga m'mawa 410, masana 290. Thupi 38.9. Dilipu kudzanja lamanzere, jakisoni wa insulini katatu.

Rahim, mwana wanga woyamba, amene amagwira ku banki ku City Centre, wabwera ndi taye yake. Wati mawa akanditsuka bala ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kantchito kochepa. Polankhula amayang'ana dilipu, osati ine. Mayi ake nawo anali kalikiliki kupinda bulangete lopinda kale.

Pa bedi la kumanzere pali a Orton, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, anapuma ntchito ku Capital Hill. Anathyoka ntchafu poterereka m'bafa, mwendo auimika ndi zingwe ndi chitsulo. Pakamwa pokha sipanathyoke. Andipatsa kale dzina, akuti a Telala.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndilembe lero lomwe, ndingadzaiwale mmene zayendera.

Cha m'ma 9 anandiveka chovala chobiriwira chotseguka kumsana, chosokedwa ndi munthu wosaopa Mulungu, n'kundikankha pa kabedi ka matayala mpaka pakhomo la fiyeta. Mayi a Rahim anatsatira akulira mpaka pamene amaletsa. Ndinawaseka. Ndinati kutsuka bala n'kolirira?

Pakhomopo panabwera dokotala wamkazi, wochepa thupi, wa msinkhu wa Rahim. Muno onse amangoti Dokotala Lughano, poti dzina la bambo awo ndi la ku Karonga, lilime limapunthwa. Anawerenga mapepala, n'kuwerama kuti tionane maso.

"Bambo Mikaili, lero ndi tsiku lanji? Tili kuti pano?"

Ndinawayankha, n'kuonjezera kuti misala ya Lolemba ija inatha.

"Chabwino. Tandiuzani ndi pakamwa panu, tikukachita chiyani m'katimu?"

"Kukatsuka bala."

"Wakuuzani choncho ndani?"

"Mwana wanga."

Anauza wokankha bedi kuti ayambe waima. Kenako anandiuza osazungulira. Pa pepalapo panalembedwa kuti adule mwendo wamanja m'munsi mwa bondo. Rahim anasaina Lolemba, ine ndisakudzidziwa. Dokotalayo anati tsiku limenelo kunali koyenera kuti asaine iye, koma lero mutu wanga uli bwinobwino, ndipo mwendowu ndi wanga.

Sindinalire. Ndinangomva kuzizira kumsana kosatseka kuja. Ndikanadzuka masana ano, kupapasa pa bulangete, n'kupeza palibe.

Panatulukira dokotala wamkulu, wa imvi, atavala kale za m'fiyeta. Anayankhulana m'Chingerezi chothamanga, koma telala wa ku Old Town Chingerezi amachimva. Wamkuluyo anati fomu ilipo yosaina, anthu ena asanu akudikira, ndipo madala awa akafa ndi poizoni m'magazi adzayankha ndani? A Lughano anati adzayankha iwo, koma sadula munthu amene akuyesa kuti akukatsukidwa. Mawu awo sanakwere mpang'ono pomwe. Wamkuluyo anandiyang'ana nati, "Madala, zoona simumadziwa?" Ndinapukusa mutu. Anausa moyo. "Abwezeni. Bweretsani wotsatira."

Rahim anandipeza pa bedi ndi miyendo iwiri, nkhope yake inagwa. Anati, "Ababa, timaopa kuti mukamva mukana, ndiye mufa." Mayi ake anati wodwala sauzidwa zoopsa, mtima umagwa. Ndikudziwa. Bambo anga anapita osadziwa chowapha, ndipo mmodzi wa obisawo ndinali ine. Koma ndinapsa mtima. Ndinamuuza Rahim kuti zaka makumi anayi sindinaikepo sizasi pa nsalu ya munthu mwini wake asananene kuti dulani apa, nsalu chabe ya pamsika. Anati pepani. Ndinati pepani sapoletsa chilonda, ndipo sameretsa mwendo.

Lachitatu lomweli, madzulo

A Lughano abwera atamaliza ku fiyeta, maso atafiira ndi kutopa. Atseka katani, akhala pa sitululu, n'kundifunsa amene ndikufuna amve nawo. Ndati mayi a Rahim akhale. Rahim aime apo, amve, koma pakamwa atseke.

Agwira pamwamba pa phazi nthawi yaitali. Ati mtsempha ukugunda, magazi akufika, ndipo pa chithunzi cha mafupa, fupa lawola m'zala ziwiri zokha. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kudula m'munsi mwa bondo, ndiyo yosaika moyo pachiswe. Yachiwiri, kuchotsa zala ziwirizo ndi nyama yonse yakufa, kenako mankhwala amphamvu m'dilipu. Ikhoza kutheka, ikhoza kukanika. Ikakanika angadzadule pamwamba pa bondo, mwinanso ndingafe. Mawu akuti kufa awanena bwinobwino, osawameza.

Ndafunsa, "Inuyo mukanakhala ine?"

"Ndikanadula. Koma ine sindiponda mashini."

Ndasankha yachiwiri. Rahim watuluka.

Atenga cholembera chakuda chonenepa, ajambula mzere pa msongolo kuzungulira pamene motowo walekezera. Dzanja lawo ndi la telala ndithu. Ndayeza ndi tepi yanga: mainchi 5 kuchokera pa kakolo. Pangano lathu ndi ili: moto ukadutsa mzere, tikhalanso pansi, ndipo sindidzakana. Andiwerengera fomu yatsopano m'Chichewa, liwu ndi liwu, ndasaina ndekha.

Ndili ndi mantha. Koma ndi mantha a munthu wodziwa, amapiririka.

Lachinayi, 18 Julaye

Zala ziwiri zapita. Ululu. Shuga 240.

Lachisanu, 19 Julaye

Shuga 205. Thupi 37.9. Moto uli inchi imodzi m'munsi mwa mzere.

Potsuka bala ndasuzumira. Alisiya pululu, osasoka. Ndafunsa a Lughano kuti ndi telala wanji wopereka ntchito yosamaliza. Aseka. Ati bala la mtundu uwu ukalitseka limawolera m'kati, liyenera kudzaza lokha kuchokera pansi.

Sisitala Alesi, nesi wamkulu wa wodi ino, andinong'oneza kuti Rahim walemba kalata kwa akuluakulu a chipatala, kudandaula kuti dokotala waika moyo wa bambo ake pangozi. Akutinso dzulo anawatsatira a Lughano m'khonde kuti amuuze paokha mmene zinthu zilili. Iwo anamuyankha kuti tiyeni tikakambire pa bedi la bambo anu, iwo akumva. Mwanayu ndinamuphunzitsa sukulu ndi phazi lomweli, lero akulilembera makalata kuti lichoke.

Ijumaa yoyamba kujomba kumzikiti m'zaka zambiri. Ndaswali chigonere.

Loweruka, 20 Julaye

Shuga 180. Thupi 37.2. Moto watsika mainchi awiri athunthu m'munsi mwa mzere. Ndayeza katatu, tepi siinama.

Anzanga a pakhonde abwera atatu, ndi jumbo ya mandasi ndi fulasiki ya tiyi wothira shuga ngati wa pa sadaka. Sisitala Alesi anunkhiza ali kutali. Mandasi apita kwa a Orton, ine ndatsala ndi phala la mgaiwa losathira kanthu ndi dzira limodzi. A Orton adya akundiyang'ana, n'kumati, "A Telala, ndikukuthandizani kupirira mayesero."

Masana amayi a mvano a ku mpingo wawo abwera ndi mayunifolomu oyera, ena mwa mayunifolomuwo ndinasoka ndine. Atapempherera ntchafu ya mkulu wawo afunsa ngati ndingalole apemphererenso phazi langa. Ndalola. Mayi a Rahim anali chilili pambali, manja ali m'mwamba, akuchita dua yawo.

Rahim sanabwere. Watumiza madzi a m'botolo.

Lamulungu, 21 Julaye

Lero kulibe madokotala oyendera wodi, pokhapokha wina atafika povuta.

M'mawa ndinamva kugunda m'kati mwa mwendo, mbali ya kumanzere, pamwamba pa kakolo. Masana ndinavundukula. Kutsogolo kuli bwino, koma m'mbalimo moto wakwera ngati lilime, wadutsa mzere ndi theka la inchi. Ndinayezanso. Theka la inchi. Pa buluku theka la inchi palibe kasitomala amene amaliona.

Ndilemba zimene ndachita, poti buku ili ndi langa. Mayi a Rahim atapita kukaphika, ndinatseka katani ngati ndikufuna kuswali. Sisitala Alesi anaiwala pa kabati yanga cholembera chakuda chimene amalembera mabotolo a dilipu. Ndinatenga thonje la sipiriti, kufufuta mzere m'mbalimo, n'kujambula wina pamwamba pa moto, kuulumikiza bwinobwino ndi wakale. Ndakhala ndikujambula mizere ndi choko moyo wanga wonse. Palibe akanazindikira.

Nditatsegula katani, a Orton anali kuyang'ana kudenga. Osanditembenukira anati, "A Telala, katani yanuyo ili ndi chibowo. Ine sindinaone kanthu. Koma mwendowo ukudziwa."

Ndinawauza kuti asamale za ntchafu yawo.

Thupi 38.2. Andipatsa panado. Shuga 250, wakweranso.

Lolemba, 22 Julaye

Ndilemba msanga, abwera kudzanditenga posachedwa.

A Lughano anafika mochedwa, ndi ophunzira udokotala asanu. Sisitala Alesi anati amachokera kwa akuluakulu, kukayankha za kalata ya Rahim. A Lughano sanatchule za izo. Anandipatsa moni ngati masiku onse, kuona bala, kuona mzere. Thupi linali 37.5 chifukwa cha panado. Anamwetulira.

"Zikuyenda, bambo Mikaili. Moto sunadutse. Tikupambana."

Analemba m'faelo, n'kupita kwa a Orton.

Bodza langa linagwira. Ndinayesa ndikondwa, koma sindinakondwe. Mayi ameneyu anaimitsa bedi pakhomo la fiyeta, anatsutsana ndi bwana wake, m'mawa uno wakaimirira pamaso pa akuluakulu chifukwa chokana kundinamiza. Ine n'kumunamiza ndi cholembera chobera. Rahim ananama poopa kuti ndifa. Nanga ine ndimanama poopa chiyani, choonadi chomwecho chimene ndimachilirira?

Anali atafika bedi lachitatu pamene ndinaitana. "A dokotala. Tabwerani."

Anabwerera, ophunzira pambuyo.

"Mzerewu si wanu. M'mbalimu ndajambula ndine dzulo. Wanu unali apa."

Wophunzira wina anafuna kuseka, Sisitala Alesi anamuyang'ana kamodzi, kuseka kunathera pakhosi. A Lughano anavala magolovesi, kukanikiza m'mbali mwa mwendo ndi zala ziwiri. Ndinakuwa, ine munthu wa dzanzi. Anati muli mafinya m'kati, akukwera motsata mtsempha.

Kenako anatembenukira ophunzira aja. "Mwaona kulakwa kwanga? Ndinayang'ana mzere, mwendo sindinaugwire. Shuga wakwera, dzulo thupi linatentha, zonse zili m'faelomu, ine ndinathamangira nkhani yabwino. Musadzachite zimenezi." Ndinachita manyazi kuposa akanandikalipira.

Kwa ine anati, "Mwalakwa, bambo, ndipo mukudziwa. Koma mwanena lero. Mukanakhala chete mpaka Lachitatu, bwenzi tikukambirana za pamwamba pa bondo."

Ndinati, "Tinapangana. Moto wadutsa. Bweretsani fomu mudule."

Anati pangano linali lokhalanso pansi, ndipo mwendo sadula chifukwa cha inki. Anakaitana dokotala wamkulu uja. Iye anagwira, anaunika ndi makina, nati atsegule m'mbalimo achotse mafinya. Akapeza nyama ya m'kati ili yamoyo, mwendo ukhala. Akapeza yafa, adula nthawi yomweyo m'munsi mwa bondo. Fomu yalembedwa zonse ziwiri. Andiwerengera, ndasaina. Ndapempha chinthu chimodzi, kuti zikafika podula andiuze asanayambe. Ati andibaya jakisoni wa pamsana, ndikhala maso, ndipo andiuza.

Rahim ndamuimbira ndekha foni. Ndamuuza zonse, ndi za cholembera zomwe. Anati akubwera.

Mwendo ndausisita, ndautsanzika. Allah ndiye mwini.

Lachiwiri, 23 Julaye

Ulipo.

Lachitatu, 24 Julaye

Mphamvu zabwerako, ndilembe za Lolemba.

Jakisoni wa pamsana uja anapha thupi lonse kuchokera m'chiuno kutsika. Anaika nsalu pachifuwa kuti ndisaone. Ndimangomva zitsulo kugundana, makina kulira, madokotala awiri kunong'onezana. Makutu anga amadikira chinthu chimodzi, macheka. Ndinawerenga dua zonse zimene ndimadziwa, zitatha ndinayamba kuwerenga mayina a makasitomala.

Sindikudziwa panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako pamwamba pa nsalu paja panatulukira maso a Lughano, pakamwa pali chophimba.

"Bambo Mikaili, mukundimva?"

"Ndikumva."

"Mafinya tachotsa ambiri. Nyama ndi yofiira, ikutuluka magazi. Ndi yamoyo. Mwendo ukhala."

Kuseri kwa nsalu dokotala wamkulu anati, "Madala, muli ndi mwayi. Tsiku limodzi lokha linatsala." Apo ndiye ndinalira, misozi kulowa m'makutu, manja omangidwa osatha kupukuta. Anandipukuta ndi nesi amene sindinamuone nkhope.

Potuluka ndinapeza Rahim pakhomo, taye ili m'thumba. Sanafunse aliyense. Anangoyang'ana pa bulangete, kuwerenga mapazi, n'kukhala pansi pa simenti ndi suti yake.

Lero shuga 170, thupi 37.4. Mabala tsopano ndi awiri. Mzere watsopano ajambula, ndipo a Lughano aujambulanso pa foni, ine nditavomera. Ati, "Sikuti sindikukukhulupirirani, koma dzanja lanu ndi labwino kwambiri." A Orton aseka mpaka chitsulo chawo kugwedezeka.

Loweruka, 27 Julaye

Shuga 150. Thupi 36.9, tsiku lachitatu osatentha. Moto wabwerera mpaka pa kakolo. Khungu layamba makwinya, akuti ndi chizindikiro chabwino. Sindinaganizepo kuti ndingadzakondwere ndi makwinya.

Rahim wabwera ndi nsomba yowotcha yopanda mafuta, atafunsa kaye kwa Sisitala Alesi. Wati anapita kukachotsa kalata yake ija, koma akuluakulu anati dandaulo likalowa liyenera kuyankhidwa. Anakapepesanso kwa a Lughano. Iwo anamuuza kuti anali ndi ufulu wodandaula, ndipo akanakhala bambo awo mwina nawonso akanaopa chimodzimodzi. Mwanayu amanena zimenezi mutu uli pansi.

Ndang'amba tsamba m'buku lino, ndalembera akuluakuluwo kalata yanga. Ndanena zonse, kuyambira pakhomo la fiyeta mpaka cholembera. A Orton ati m'boma kalata yopanda mutu sawerenga, ndiye andikonzera mutu ndi deti, monga ankachitira ku Capital Hill. Amafuna ayikemo Chingerezi chawo, ndakana.

Lachiwiri, 30 Julaye

Shuga 138. Dilipu achotsa, mankhwala tsopano ndi akumwa. Bala la m'mbali ladzaza theka, lofiira bwino. Kutsuka kumawawa koopsa, ndimaluma thaulo.

Mayi a Rahim aphunzitsidwa kubaya insulini, ayesera pa lalanje. Ine ndaphunzira pa mimba yanga, poti singano si mlendo kwa ine. Atatha andiuza chapansipansi kuti masiku awiri amene amabisa aja sanadye kanthu. Ndawauza kuti nkhaniyo yatha. Zaka 39 tili limodzi, sindingawasungire chakukhosi.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Wolimbitsa mafupa wandiimika lero. Kupondera chidendene chokha, ndi ndodo. Mapazi asanu ndi limodzi kupita, asanu ndi limodzi kubwerera. Chizungulire, thukuta, koma ndaima pa miyendo yanga. Wodi yonse yaomba m'manja, ngakhale wodwala wina wa pakona amene salankhula ndi munthu.

Ndafunsa za mashini. A Lughano ati miyezi iwiri kapena itatu, bala likatsekeka, ndiyambe pang'onopang'ono, nditavala nsapato nthawi zonse. Ndati ndimayembekeza anena sabata ziwiri. Ati akudziwa, koma sanena zimene ndikufuna kumva.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Shuga 126. Mzere wafufutika wokha posamba, palibe waujambulanso.

Sisitala Alesi ati yankho la akuluakulu latuluka, a Lughano alibe mlandu. Ati dokotala wamkulu ndiye anawaikira kumbuyo, ndipo tsopano walamula kuti aliyense wolowa m'fiyeta, ngati mutu wake uli bwino, azifunsidwa pakhomo anene yekha chimene akukachitidwa. Nditawafunsa eni ake, angoti, "Zatha, bambo. Tandionetsani phazi."

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anditulutsa. Ndikulemba ndili m'nyumba ya Rahim ku Area 47, kumene ndikhale mpaka bala litapola, poti kuli pafupi ndi kotsukitsa. Rahim anandifunsa ngati ndikufuna kumeneko kapena kwathu, ndinasankha ndekha.

M'mawa a Lughano anabwera komaliza. Sanandisangalatse ndi mawu okoma. Ati shuga sanathe ndipo sadzatha, phazi ili likhoza kudzavutanso, linzakelinso chimodzimodzi. Ndiziyang'ana mapazi onse tsiku ndi tsiku, pansi pomwe, ndi kagalasi. Kabala kakang'ono kalikonse ndithamange, osati sipiriti ndi kansalu. Ndinafuna kunena mawu ambiri othokoza, ndinawakonza usiku wonse, koma atafika pakamwa anatuluka awiri okha, zikomo mayi. Anandigwira dzanja, n'kupita bedi lotsatira, poti anthu amadikira.

A Orton atsala, sabata zina ziwiri. Ati ndikatsegula pakhonde abweretsa buluku lawo la suti ndilibweze m'chiuno, muno aonda. Tinagwirana manja nthawi yaitali, osayang'anana.

Kenako Rahim analowa akukankha njinga ya olumala, yatsopano, mapulasitiki ali pomwepo. Anaulula kuti anaigula tsiku lomwe anasaina lija, yakhala m'galimoto masabata onsewa. Anati ndikhalepo mpaka panja. Ndinaiyang'ana. Ndinauza mayi ake ayikepo bulangete, fulasiki, ndowa ndi chikwama. Ine ndinagwira kumbuyo kwake, n'kuyamba kukankha.

Khonde la chipatala limenelo ndi lalitali, abale. Pobwera sindinalione, ndinali chigonere. Ndimaponda chidendene, kukoka phazi linzake, kupuma, kupondanso. Manesi amapatuka akuseka, wina anati katundu wapeza dalaivala. Thukuta linanyowetsa malaya. Pakati pa njira ndinaima kuti ndipume.

Rahim anali pambuyo panga, manja ali chitambasulire, osandikhudza.

"Ababa, ndikugwireni?"

"Ayi."

Sanandigwire. Anayenda choncho, manja m'malere, mpaka tinafika pakhomo lalikulu. Pamenepo tinatsitsa katundu, njinga ndinauza mlonda aibweze ku wodi kwa Sisitala Alesi, alipo amene aifuna. Kunja kunali dzuwa ndi kamphepo ka Ogasiti, ma minibasi akuitanira ku msewu. Kutsogolo kwanga kunali masitepe atatu otsikira kumene kunali galimoto.

Ndinayang'ana masitepewo, ndinayang'ana mwana wanga. Maso ake anali atafiira, akudikira.

Ndinati, "Tsopano ndigwire."

Tinatsika limodzi, ine kuyamba ndi mwendo wamanja.